Phulusa la Pa Zimba

Amayi anzanga, zikomo kuti mwabwera. Amene mwasowa malo pabenchi khalani pamatayalapo, laimuyo anauma kale, sakudetserani zitenje. Ine ndine Nabanda, kuno amati Nyabanda. Kwathu ndi ku Kasungu. Ndinabwera ku Lundazi ndili mtsikana kudzagwira ganyu m'minda ya fodya, ndiye lilime likamathawira kwathu mundikhululukire. Sukulu ndinalekera panjira, mawu akuluakulu ndilibe.

Mwandipempha kuti ndinene mmene malo ano anakonzekera, kuti nanunso mukayese m'makomboni mwanu. Ndinena. Koma sindingathe kunena za malo ano osanena za ine, chifukwa tinawonongekera limodzi. Pamene mwakhalapa panali dzala lofika m'chiuno. Ndipo mayi amene ankagona pakhonde apo masana dzuwa lili pamutu, ataledzera kachasu, ntchentche za padzala zikumutera kukamwa, ndi ine amene ndaima pamaso panu.

Amuna anga anali a Zimba, okonza njinga. Zaka zoposa makumi awiri ankakhala patsinde pa mtengo wa mbawa uwu ndi bokosi lawo la masipanala. Nyumba yathu ndi iyo ya chitseko chobiriwira. Mukuona kuti pano pakumana njira ziwiri, ina yochokera kumidzi ya ku Kapichila kupita kumsika, ina yochokera m'komboni kupita kumjigo. Munthu akabwera ndi njinga yophulika chubu ankakhala pabenchi n'kumadikira. Wodikira amafuna wocheza naye. Madala ena anakumba maenje a nsolo pansi apo. Amayi awiri anayamba kuyala tomato ndi zitumbuwa. Ana ochokera kusukulu ankapumulira pamizu. Palibe anakhala pansi n'kunena kuti tiyeni tipange bwalo. Zinangochitika chifukwa munthu mmodzi ankapezekapo tsiku ndi tsiku. Malo onsewa anthu ankati Pa Zimba. Wolondolera mlendo njira ankati, "Mukafika Pa Zimba mukhotere kumanja."

Ana tinabereka awiri, onse anatisiya ali aang'ono. Koma sindinkadziwa kuti nyumba yathu ndi yachete, chifukwa phokoso la pabwalo linkalowa pawindo kuyambira m'mawa mpaka madzulo.

A Zimba anadwala chifuwa milungu itatu, n'kumwalira mwezi wa Juni, kukuzizira. Pakhomo pathu m'popanikizika, ndiye moto wa pamaliro, umene amawotha azibambo, anausonkha pansi pa mtengo uno. Anaika zikuni zitatu zikuluzikulu. Kenaka tinanyamula thupi kukaika kumudzi kwawo, ndipo ndinakhala kumeneko milungu iwiri.

Tsopano mumvetsetse apa, chifukwa ndi pamene panayambira zonse. Kwathu ndinaphunzitsidwa kuti phulusa la moto wa pamaliro namfedwa sasesa yekha. Amasesa ndi abale a malemu kapena anthu amene agwira ntchito ya malirowo, ndipo akasesa ndiye kuti maliro atha, aliyense abwerere ku ntchito zake. Kumudzi kuja anasesa za kumudzi. Pondiperekeza, alamu anga anati, "Mulamu, za kutauni tizabwela kuzaona tikagulitsa fodya." Ine ndinamva kuti adzabwera kudzasesa. Iwo ankangonena zodzandiona. Kwa iwo mwambo wonse unali utathera kumudzi. Zimenezi ndinazidziwa mochedwa kwambiri.

Nditabwerera kuno ndinapeza zikuni zitatu zija zili pomwepo, zopserera theka, phulusa lili mbuu kuzungulira. Mbuzi zinali zitapondapo. Mtima unandipweteka. Ndinapita kudambo, ndinadula nthambi za minga, n'kuzunguliza pamalopo kuti ziweto ndi ana asapondepo mpaka alamu atabwera.

Anthu a m'komboni ataona minga anamva zina. Kuno munthu akaika minga pamalo ndiye kuti watseka, sakufuna phazi la munthu. Anati namfedwa watseka malo a mwamuna wake, tiyeni timupatse ulemu. Amayi a tomato anasamukira kumsewu. Madala a nsolo anasiya kubwera. Njira ya kumjigo inapinda n'kuyamba kudutsa kuseri kwa nyumba izo. Palibe anandifunsa kanthu, inenso sindinafunse munthu. Iwo ankandipatsa ulemu, ine ndinkasunga mwambo, ndipo pakati pa ulemu ndi mwambo ndinatsala ndekha.

Fodya anagulitsidwa, alamu sanabwere. Mphepo ya mwezi wa Ogasiti inabweretsa mapulasitiki, anakodwa paminga. Wina ataona mapulasitiki anadzakhuthula beseni la zinyalala. Wina matewera a mwana. Wina mabotolo osweka. Pofika Khirisimasi zikuni zija zinali zitakwiririka.

M'nyumba munali zii. Ndinkadzuka, n'kukhala pamphasa, n'kumamvera malata akulira ndi dzuwa. Tsiku lathunthu linkatha osatsegula pakamwa, moti nthawi zina ndinkatsokomola dala kuti ndimve ngati mawu ndikadali nawo. Nthawi yovuta kwambiri inali chakumasana dzuwa likayamba kupendeka, nthawi imene ndinkawapititsira a Zimba tiyi pamtengo. Manja ankafuna kugwira kapu, koma wompatsa panalibe.

Kuseri kwa dambo kuli mayi wina wotcheza kachasu. Tsiku loyamba ndinati ndikufuna pang'ono pothira mumankhwala a chifuwa. Anandithirira osafunsa, ndipo anandiuza kuti ndikhale pansi. Amayi, kumeneko kunali anthu olankhula. Zolankhula zake zinali zopanda mutu, koma anali mawu a anthu. Mawa lake ndinapitanso. Ndinagulitsa sipanala imodzi. Kenaka ina. Pulayala, nyundo, bokosi lenilenilo, zonse zinapita kukhosi. Kutchalitchi ndinasiya chifukwa ndinkanunkha. Benchi imene anthu anakhalira zaka zonse zija ndinaiwaza ndi nkhwangwa n'kuphikira. Zinyalala za m'nyumba mwanga, nanenso ndinayamba kutaya pomwepo, pamoto wa maliro a amuna anga. Chinatsala ndi pampu yokha. Kawiri konse ndinainyamula kuti ndikagulitse, koma chogwirira chake chinali chitasalala ndi dzanja lawo, ndipo ndinkabwerera nayo panjira.

Zinatha zaka ziwiri ndi miyezi.

Tsiku lina ndili gone pakhonde masana, bambo wina anaima apo ndi foni kukhutu, akulondolera mnzake njira. Ankaganiza kuti sindikumva. Anati, "Ukafika pa chishala, pali kamayi kakachasu kagona pakhonde, ukhotele kumanja." Chishala ndi mmene amatchulira dzala kuno. Mawu amenewo anandilowa ngati singano. Sanati Pa Zimba. Dzina la amuna anga linali litachoka m'kamwa mwa anthu, m'malo mwake munalowa dzala ndi ine. Ndikanakonda kukuuzani kuti tsiku limenelo ndinasiya mowa. Ayi. Tsiku limenelo ndinamwa kuposa masiku onse.

Mvula ili pafupi, kunabwera a Mtonga, tcheyamani wa komboni yathu, munthu wofatsa amene ankaseweranso nsolo pano. Anabwera ndi bambo wocheka matabwa. Anavula chipewa, n'kukhala pa njerwa.

"Mama Nyabanda, muli uli?"

"Ndilipo."

"Mama, tabwela na nkhani yovuta. Mvula ikagwa pa vinyalala ivi, kolela izatipha tonse. Komiti yakamba kuti aba abambo achotse vinyalala vonse na thilakita, malipilo yao atenge mtengo. Koma mtengo uyu tonse tiziwa ni wa a Zimba. Ndiye tati tiyambe tamvela kwa imwe."

Ndinali nditamwa. Ndinati, "Dulani. Mwini wake anapita."

A Mtonga anati adzadula Lolemba la mulungu winawo. Wocheka matabwa uja anaponda pazinyalala, n'kulemba mtanda wa penti yofiira pathunthu.

M'mawa mwake, mutu uli bwino pang'ono, ndinatsegula chitseko n'kuona mtanda uja. Mtengo uwu ndi chinthu chokha chimene chinatsala chili chiimire pa zonse za a Zimba. Ukagwa, palibe adzakumbukire kuti pano panakhalapo munthu. Koma ndikanatani? Pansi pa zinyalala panali phulusa limene sindinkaloledwa kuligwira. Ndinakhala pakhonde masiku atatu ndikuuyang'ana mtengo, botolo lili m'chitenje.

Tsiku lachinayi m'mawa ndinamva mawu kuchokera kunjira, opanda odi.

"Iwe mbuya! Uli moyo, olo tikunyamule pamodzi na vinyalala?"

Anali Bana Chanda, mayi wa Chibemba wogulitsa nsomba zouma kumsika. Kale ankakhala nyumba yachitatu kuchokera pano. Anapita kwawo ku Kasama kukadwazika mayi ake, nthawi imeneyo a Zimba asanadwale, ndipo anali atangobwerako mulungu womwewo. Amene mwachokera kutsidya kwa malire mwina simudziwa: Abemba ndi anthu a kum'mawa kuno ali pa chimbuya. Amatukwanana mwanthabwala, wina sakwiya, ndipo pamaliro a mnzake mbuya ndi amene amagwira ntchito zimene eni maliro sangagwire. Kwa Bana Chanda, ngakhale ine wa ku Kasungu ndinali mbuya wake. Ankati mbewa timadya ndi zomwezo, ifenso timawaseka Abemba kuti amadya anyani.

Anaima apo manja m'chiuno. "Nachoka pano pali bwalo, nabwela napeza munda wa mapulasitiki. Imwe a kum'mawa, mbeba zinatha mu minda, manje mwayamba kuweta makoswe pakhomo?"

Ndinati, "Bana Chanda, ndisiyeni."

"Nikusiye? A Zimba anakusiya, alamu ako anakusiya, komboni yonse inakusiya, na ine futi? Awe." Anabwera pafupi, n'kundinunkhiza ngati akugula nsomba. "Hmm. Iyi yaola." Kenaka anakhala pansi pambali panga, phewa lake kukhudza langa. Amayi, zaka ziwiri munthu anali asanandikhudze.

Anati, "Anthu akamba ati unatseka malo na minga. Ni zoona?"

"Minga ndinaika ndine."

"Chifukwa?"

Anali munthu woyamba kundifunsa. Ndinamuuza zonse, za zikuni zitatu, za mbuzi, za alamu amene ndinkawadikira. Ndinkalankhula mawu akuthothoka ngati a munthu wodwala. Nditamaliza anayamba kuseka, kuseka mpaka kugwira pamimba, koma m'maso mwake munali misozi.

"Zaka ziwili! Zaka ziwili ulonda phulusa monga nkhuku pa mazila! Nanga Abemba anatha mu Lundazi? Ku maliketi tilipo ambili. Sunaziwe kuti iyi ni nchito ya mbuya?"

Kunena zoona sindinkadziwa kuti mbuya angasese phulusa la mwamuna wa mwini. Ndinati, "Sukuopa?"

"Ine niope phulusa? Ine nimadya nyani na mchila wake!"

Sindikudziwa kumene mawu anachokera, koma ndinamva pakamwa panga pakunena kuti, "N'chifukwa chake wabwerako wonenepa chonchi. Ku Kasama anyani atsalako?"

Anawomba m'manja. "Ehee! Chitumbi chakamba, wakufa wauka! Nyamuka, tenga khasu."

Anakabwereka wilibala ndi makasu awiri. Tinayambira m'mphepete umo, kulunjika patsinde. Thukuta linkatuluka lozizira chifukwa m'mawa umenewo ndinali ndisanamwe. Fungo lake sindingalifotokoze pano. Anthu opita kumjigo ankaima patali ndi zidebe pamutu, kutiyang'ana. Bana Chanda ankawakuwira, "Penyani bwino, a kum'mawa, muphunzile nchito!" Koma palibe anayandikira.

Dzuwa litafika pamutu, khasu lake linagunda chinthu cholimba. Anasiya nthabwala. Anagwada, n'kuyamba kufukula ndi manja. Chinatuluka chikuni choyamba, chakuda kumutu, chiswe chitadya mbali imodzi. Kenaka chachiwiri. Chachitatu. Zinali zitagona mmene anazisiyira azibambo aja, mitu itakumana pakati. Pansi pake dothi linali lakuda, losiyana ndi lina lonse.

Ine ndinabwerera m'mbuyo mpaka msana unagunda mtengo. Ndinaona ngati maliro achitika dzulo. Ndinkamva nyimbo zija, ndinkaona nsapato za a Zimba zili pakhomo.

Bana Chanda anaima, n'kupukuta manja pachitenje. Analankhula ndi zikuni zija ngati akulankhula ndi munthu amene wakhalitsa pamowa.

"A Zimba, mbuya wanga, wakhalitsa pano. Moto wako unazima kudala. Anzako onse anayenda ku nyumba. Nyamuka manje, mkazi wako afuna kukhala na anthu."

Ananyamula zikuni chimodzichimodzi n'kuika muwilibala. Anapala dothi lakuda lija ndi khasu, n'kuthiramo. Anakankha wilibala yekha mpaka kudambo, ine n'kutsala chiimire. Pobwera anali ndi tsache latsopano ndi ufa m'kapepala. Anasesa pamalopo mpaka dothi lofiira linaoneka. Kenaka anandithira ufa uja kumutu ndi kumaso, monga amachitira ambuya pamaliro, ndinayera ngati chipukupuku.

Anatambasula dzanja. "Lipila. Mbuya sagwila nchito yaulele."

Ndinati ndilibe kanthu.

"Uli nako. Kali mu chitenje."

Ndinatulutsa botolo lija. Ndinaligwira kanthawi, sindikubisirani, dzanja silinkafuna. Analanda, n'kutsegula, n'kukhuthulira pansi pamene panali phulusa. Dothi linamwa. Kenaka anandipatsa tsache m'manja.

"Malilo yatha, Nyabanda. Pyanga."

Ndinagwira tsache, ndinawerama, ndinasesa kamodzi. Kachiwiri sindinathe. Ndinagwa pamaondo n'kulira kulira kumene sindinalire kumanda. Bana Chanda sananditonthoze. Anangoima pambali n'kumathamangitsa ntchentche.

Nditakweza mutu ndinaona Nyaphiri, mmodzi wa amayi a tomato aja, watula chidebe chake. Anagwada patali pang'ono. Anati, "Mama, ise tinaona minga. Tinati simufuna anthu." Ndinati, "Ine ndinkati anthu sakundifuna." Nyaphiri anadzuka. Anapita kukatenga fosholo. Pofika Loweruka mawilibala anali asanu, ndipo azibambo anakumba dzenje lalikulu kuseri uko, kutali ndi mjigo, lotayamo zinyalala.

Lolemba a Mtonga anabwera ndi wocheka matabwa uja, n'kupeza pansi pali mbee. Wochekayo anakwiya, anati amutayitsa nthawi. A Mtonga anandiitanira pambali. Anati, "Mama, ine nakondwela. Koma komiti izakamba kuti vinyalala vizabwela futi. Mtanda uja sitifuta. Tizaona mpaka mvula ikathe. Pakankhala chishala futi, mtengo uzagwa."

Mwina mukuganiza kuti nkhani yathera pamenepo. Ayi, chovuta chinali kutsogolo. Malo anayera, koma anthu sanabwerere. Mapazi awo anali atazolowera njira yakuseri. Bana Chanda ankakhala kumsika tsiku lonse, Nyaphiri anali ndi makasitomala ake kumsewu. Ndinatsala ndi bwalo loyera lopanda munthu, ndipo bwalo loyera lopanda munthu limapweteka kuposa dzala. Komanso m'mawa uliwonse ndinkapeza wina wataya kathumba patsinde. A Mtonga anakhoma chikwangwani choletsa kutaya zinyalala. Anthu ankataya pansi pa chikwangwanicho.

Ndinagwanso kawiri. Ludzu linkabwera nthawi yomwe ija ya tiyi. Ulendo wachiwiri ndinakhala kuseri kwa dambo masiku awiri, ndipo pobwera ndinapeza matumba anayi a zinyalala ndi galu akufukula. Ndinayang'ana mtanda wofiira uja. Pamenepo ndi pamene ndinazindikira chinthu chimene a Zimba ankachita osadziwa. Munthu sataya zinyalala pamene pakhala munthu. Malo ano sankafuna chikwangwani, ankafuna wokhalapo. Ndipo inenso sindikanatha kupita kudambo ngati ndili pamaso pa anthu onse.

Ndiye ndinayamba kukhala. M'mawa ndinkasesa, n'kutenga njerwa ziwiri, n'kukhala patsinde pomwe ankakhala iwo. Pampu ndinkaiika pambali panga, osati kuti ndigwiritse ntchito, koma kuti ndisakhale ndekhandekha. Nthawi ya ludzu ikafika ndinkagwira muzu uwu ndi manja awiri mpaka ipite. Anthu ankadutsa chapatali n'kupereka moni wa dzanja. Masiku anapita oposa khumi. Ndinkawerenga nyerere.

Tsiku lina chakum'mawa ndinaona bambo wachikulire akukankha njinga kuchokera njira ya ku Kapichila, atamanga matumba awiri a mtedza, tayala lakumbuyo lili phwa. Anafika mpaka pamthunzi, n'kuimika njinga pamtengo ngati munthu wozolowera.

"Monile, mama. A Zimba alipo?"

Anali asanamve. Anati anakhala zaka zingapo kwa mwana wake kufupi ndi Lukusuzi. Ndinatsegula pakamwa, n'kupeza kuti chiyambire sindinanenepo mawu amenewo kwa munthu. Ndinati, "A Zimba anamwalira, bambo. Ine ndine mkazi wawo."

Anavula chipewa. Anakhala pamuzu. Anati, "Pepani, mama. Munthu uja ananimangila sipoko na waya wa pa mpanda, nayenda nayo chaka chonse." Kenaka anayang'ana tayala lake, n'kuyang'ana pampu.

"Nanga apa nizachita bwanji? Ku maliketi ni patali na katundu uyu."

Ndinati zipangizo ndinagulitsa zonse. Koma ndikulankhula choncho maso anga anali pa tayala, ndipo manja ankadziwa chochita. Zaka zonse zija ndinkaima ndi kapu ya tiyi kudikira kuti amalize, ndinkaona. Ndinalowa m'nyumba, ndinatenga masipuni awiri ndi beseni la madzi. Ndinatuma bamboyo kukagula guluu pakantemba, kagolosale kam'mbali mwa njira. Ndi zogwirira za masipuni ndinatulutsa chubu, ndinapopa pang'ono, n'kuyendetsa m'madzi mpaka tinaona thovu likutuluka. Ndinakwecha pobowokapo ndi mwala, ndinadula chigamba pa chubu chakale chimene tinafukula padzala, ndinapaka guluu, n'kudikira kuti aume kaye, chifukwa a Zimba ankati womata guluu wamadzi amamata kawiri.

Tikudikira, mayi wina wochokera kumjigo anaima kuti aone mkazi akumata chubu. Anatula chidebe. Wina anaimanso. Wanjinga wina anapatuka kudzapempha pampu. Nditakweza maso, pansi pa mtengo panali anthu asanu, ndipo awiri ankatsutsana za mtengo wa mtedza. Phokoso lija linali litabwerera, laling'ono, koma lomwe lija.

Chigamba chinagwira. Bamboyo anandisiyira mbale ya mtedza. Akukwera njinga anakumana ndi mnzake akukankhanso yake, ndipo ndinamumva akukuwa, "Pita Pa Zimba, patseguka!"

Zotsalazo zinabwera pang'onopang'ono, ndipo ndi zimene mungakachite kwanu. Choyamba ndinaika chidebe cha madzi akumwa ndi kapu, chifukwa munthu akaima kuti amwe amayamba kulankhula. Ndinapempha matabwa otsala kwa kalipentala, azibambo n'kukhoma benchi. Musadikire benchi yokongola, anthu amafuna pokhala basi. Maenje a nsolo ndinakumba ndekha ndi mpeni, ndinalakwitsa kuwerenga, madala anabwera kudzandiseka ndi kukonza, ndipo sanachokenso. Ndinapita kwa Nyaphiri kukamupempha ndi pakamwa panga kuti abwerere ndi tomato wake. Musamaganize kuti anthu adziwa okha. Matayala akutha awa tinawakwirira theka kuti ngolo zisamadutse pakati, ngalande iyo tinaitsegula kuti madzi asamaime. Zinyalala tinazipatsa kwawo, dzenje lija, chifukwa ukaletsa munthu kutaya pano osamuonetsa kwina, abweranso. Ndipo tinagawana masiku, kuti ine ndikapita kutchalitchi kapena kuchipatala pakhale wina wokhalapo.

Mvula itatha a Mtonga anabwera ndi chikwanje kuti apale mtanda uja. Ndinawapempha kuti ausiye. Tayang'anani, ukuonekabe pang'ono pamwamba pa mutu wa mayi awo. Ndimauyang'ana nthawi ya ludzu. Ludzulo silinathe, limabwerabe, koma papita mvula ziwiri ndisanapite kuseri kwa dambo.

Alamu anga anabwera chaka chatha. Nditawauza za phulusa anagwira pakamwa. Sanali anthu oipa. Sankadziwa kuti ndikuwadikira.

Sindikunamizani kuti kusungulumwa kunatha. Dzuwa likamalowa Nyaphiri amalongedza tomato wake, madala amatola miyala yawo ya nsolo, aliyense amapita kwa anthu ake. Ine ndimanyamula pampu, n'kulowa pachitseko chobiriwira icho, ndipo m'menemo mulibe wondifunsa kuti zayenda bwanji. Kapu yachiwiri ikadali pashelefu. Zimenezo bwalo silingachotse. Koma ndimadziwa kuti kukacha pali malo ofuna tsache langa, ndipo pali anthu amene akapeza sindinatuluke adzagogoda.

Ndikuona ena mwa inu mwavala zakuda, ndipo ndikudziwa kuti pali wina pano amene ali ndi botolo lake pamalo pamene akudziwa yekha. Sindikufunsani dzina. Ndingoti, ngati pali chimene mukudikira kuti wina adzakuchitireni, kanene ndi pakamwa, mwina sakudziwa. Ndipo inu enanu, mukaona mnzanu waika minga, musangopinda njira mwaulemu. Pitani mukamufunse kuti waikiranji. Ine ndinadikira zaka ziwiri funso limenelo.

Umboni wanga ndi umenewu, Mulungu ndiye mboni. Bana Chanda, ndakuona uko kumbuyo, usayambe pano pali alendo. Tsopano mundikhululukire, amayi, bambo awo aima ndi njinga yawo kuyambira pamene ndimanena za zikuni. Nyaphiri, tandipatsira beseni ilo.